Magazi asanafike m'mafupa: mmene mwana wa mbewa amapangira magazi ali m'mimba

Mu 2024 asayansi a ku Murdoch Children's Research Institute mumzinda wa Melbourne, ku Australia, analengeza kuti apanga mu labotale maselo a munthu amene, atawaika m'thupi la mbewa, anakakhazikika m'mafupa n'kumapanga magazi kwa miyezi yambiri. Wina angafunse kuti chachilendo n'chiyani pamenepa, popeza maselo ofiira a magazi akhala akumera m'mbale za mu labotale kuyambira m'ma 1980. Chimene chinkakanika zaka zonsezi ndi selo lija limene limabala magazi onse kwa moyo wonse. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kulowa m'mimba mwa mbewa ya bere, chifukwa zambiri zimene zikudziwika za chiyambi cha magazi zinaphunziridwa m'menemo.

Tinazolowera kumva kuti magazi amapangidwa m'mafupa. N'zoona kwa munthu wamkulu ndi mbewa yaikulu. Koma mwana amene akungopangika amafuna magazi alibe fupa n'limodzi lomwe. Thupi limayamba ntchitoyi katatu, ndi maselo osiyana, ndipo limasamutsa malo ake kangapo mwana asanabadwe.

Maselo a mbewu

Magazi amatha tsiku lililonse. Selo lofiira, limene limanyamula mpweya wa okosijeni, limakhala masiku pafupifupi 120 mwa munthu, ndipo mwa mbewa masiku pafupifupi 40. Ena mwa maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, satha ngakhale sabata. N'chifukwa chake thupi la munthu wamkulu limapanga maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Onsewa amachokera ku kagulu kochepa zedi ka maselo okhala m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Akatswiri amawatchula kuti haematopoietic stem cells. Muno tiwatcha maselo a mbewu, chifukwa khalidwe lawo ndi la mbewu imene mlimi amasunga padera. Chimanga chodya chikatha m'nkhokwe chatha, koma mbewu ikabzalidwa imabweza chakudya ndi mbewu ina. Selo la mbewu likagawikana limatha kubala lina longa ilo lomwe, ndipo limathanso kubala ana amene amakhwima n'kukhala maselo ofiira, maselo oyera, kapena tizidutswa timene timaundanitsa magazi pabala.

Selo limeneli silidziwika ndi maso, ngakhale pa makina oonera tinthu tating'ono. Limadziwika ndi ntchito yake. Mu 1961 James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto anawononga mafuta a m'mafupa a mbewa ndi cheza champhamvu, kenako anazibaya maselo ochokera ku mbewa zina, n'kuona kuti maselowo akubala magazi atsopano. Muyezo umene ukugwiritsidwa ntchito mpaka lero unachokera pamenepo: selo limatchedwa la mbewu pokhapokha ngati, litaikidwa mu mbewa yaikulu yotereyi, likupangabe mitundu yonse ya magazi pakatha miyezi inayi kapena kuposerapo. Muusunge muyezo umenewu, chifukwa mikangano yambiri imene ikubwera m'munsimu yagona pa iwo.

Kawerengedwe ka masiku

Mbewa ya mu labotale si ija ya kumunda imene anyamata amakumba anthu akakolola. Ndi ya mtundu wa m'nyumba, Mus musculus. Bere lake limatenga masiku 19 mpaka 21. Popeza mbewa zimakwerana usiku, masana a tsiku lotsatira amawerengedwa ngati theka la tsiku, n'chifukwa chake akatswiri amakonda kunena za tsiku 7.5, tsiku 10.5 ndi ena otero. Kamwana kamene kakungoyamba kupangika timakatcha mluza.

Ubwino wa mbewa ndi woti asayansi amatha kuichotsa jini imodzi, kutanthauza kachigawo kamodzi ka malangizo a chibadwa, n'kuona chimene chasokonekera. Amathanso kupaka selo chizindikiro chosafufutika, chimene ana ake onse amatengera, n'kulilondola mpaka mbewayo itakalamba.

Magazi a changu

Pa tsiku 6.5 mluza umakhala wochepa kuposa njere ya mawere. Pamenepo maselo ake amayamba kugawana ntchito, ndipo ena amatuluka kupita ku kathumba kopyapyala kamene kamakuta mluzawo, kotchedwa yolk sac. Mu dzira la nkhuku kathumba kameneka ndi kamene kamakuta chachikasu chija. Mwa mbewa mulibe chachikasu, koma kathumbako kalipo. Pofika tsiku 7.5 m'khoma lake mumaoneka maselo oyamba a magazi, ataunjikana ngati lamba wozungulira. Mtima umakhala usanayambe kugunda. Umayamba cha pa tsiku 8.25, ndipo umapeza magazi atakonzedwa kale.

Changu chimenechi chili ndi chifukwa. Mluza ukakhala waung'ono kwambiri, okosijeni amangolowerera yekha kuchokera kwa mayi. Ukakula pang'ono, za m'kati sizifikiridwanso, ndipo popanda chonyamulira mpweya umafa m'masiku awiri kapena atatu. Zili ngati banja limene limabzala maungu ndi mbewu zocha msanga kuti lidutse February, podikira chimanga chenicheni.

Maselo ofiira oyambawa ndi osiyana ndi a mbewa yaikulu. Ndi aakulu kangapo, ali ndi himogulobini wawowawo, puloteni ija yofiira yogwira okosijeni, ndipo amalowa m'mitsempha adakali ndi phata, malo amene selo limasungira malangizo a chibadwa. Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti amafa ali nalo phatalo monga maselo ofiira a mbalame, mpaka mu 2004 pamene gulu la James Palis ku Rochester, ku New York, linaonetsa kuti amalitaya pakati pa tsiku 12.5 ndi 16.5 akuyenda kale m'magazi. Makolo a maselo amenewa amangokhalapo masiku awiri okha n'kuzimirira. Palibe mbewu pakati pawo.

Cha pa tsiku 8.25, m'kathumba momwemo, mumatuluka gulu lachiwiri. Awa amabala maselo ofiira ang'onoang'ono opanda phata onga a mbewa yaikulu, komanso mitundu ingapo ya maselo oyera. Sakhwimira m'kathumba, amatengedwa ndi magazi kupita ku chiwindi. Umboni woti amabadwira m'kathumba unapezeka mu 2008 pa miluza yochotsedwa jini ya Ncx1, imene mtima wake sugunda: popeza magazi sankayenda, maselowa anapezeka ataunjikana m'kathumba, osati m'thupi la mluza. Gulu lachiwirili ndi lofunika kuposa mmene ankaganizira poyamba. Mu 2011 a m'labotale ya Nancy Speck anapeza kuti mluza umene uli ndi gulu limeneli, koma wopanda maselo a mbewu, umafika mpaka tsiku lobadwa. Komabe nalonso likaikidwa mu mbewa yaikulu limalephera muyezo wa miyezi inayi uja.

Zinziri, nkhuku ndi mkangano wa zaka 50

Nanga mbewu yeniyeni imachokera kuti? Mu 1970 Malcolm Moore ndi Donald Metcalf, ku Melbourne komweko, anati imachokera m'kathumba, n'kusamukira ku chiwindi kenako ku mafupa. Zinali zomveka: magazi oyamba amaoneka kumeneko, ndipo miluza imene ankailera mu mbale itachotsedwa kathumba sinkapanga magazi.

Mu 1975 Françoise Dieterlen-Lièvre wa ku France anachita chinthu chofuna manja aluso. Anatenga thupi la mluza wa zinziri, mtima usanayambe kuyendetsa magazi, n'kulilumikiza pa kathumba ka nkhuku. Phata la selo la zinziri lili ndi kadontho kamene la nkhuku lilibe, choncho zinali zotheka kudziwa mwini wa selo lililonse. Magazi oyamba anali a nkhuku, ochokera m'kathumba. Koma m'kupita kwa masiku magazi a zinziri anayamba kulowa m'malo, ndipo ziwalo zopanga magazi zinadzaza ndi maselo a zinziri. Kwa mbalame, mbewu inkachokera m'thupi mwenimwenimo.

Panapita zaka pafupifupi 20 kuti zimenezi zionekenso mwa mbewa. Mu 1994 Elaine Dzierzak, Alexander Medvinsky ndi anzawo ku London anapeza maselo a mbewu oyamba pa tsiku 10.5, m'kachigawo ka kumsana kwa mluza kamene kali ndi aorta, mtsempha waukulu wochoka ku mtima, pamodzi ndi timphukira ta impso ndi ta ziwalo zoberekera. Kachigawoka amakatchula mwachidule kuti AGM. Otsutsa anati mwina maselowo anangobwera ndi magazi kuchokera kwina. Mu 1996 awiriwa anadula kachigawoko n'kukalera pakokha kwa masiku ochepa, ndipo maselo a mbewu anatuluka n'kuchuluka popanda thandizo lochokera kunja.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Mu 2007 gulu la ku Kobe, ku Japan, linapaka chizindikiro maselo pa tsiku 7.5, nthawi imene jini yomwe ankalondola imagwira ntchito makamaka m'kathumba, ndipo linapeza chizindikirocho m'magazi a mbewa zazikulu. Ena anayankha kuti mankhwala oyambitsira chizindikirocho amakhalitsa m'thupi, moti akanatha kupakanso maselo a m'kati mwa mluza. Mu 2005 magulu awiri anapezanso maselo a mbewu ochuluka mu nsengwa, ndipo ena anali atapezeka kale m'mitsempha ya kumchombo. Zimene ambiri amavomerezana lero n'zoti mitsempha ikuluikulu ya mluza imabala mbewu. Za gawo la kathumba ndi la nsengwa akukambiranabe.

Khoma la mtsempha libala magazi

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti pali chodabwitsa chachikulu. Selo la mbewu silibwera lili lopangidwa kale. Limachokera ku khoma la mtsempha.

M'kati mwa mtsempha uliwonse mwayalidwa maselo aphanthiphanthi, ogwirana m'mbali ngati matailosi a pansi. Pakati pa tsiku 9.5 ndi 11.5, ena mwa maselo amenewa mu aorta, makamaka kumbali yoyang'ana kumimba, amasiya kukhala aphanthiphanthi. Amatukumuka, n'kukhala obulungira, n'kumasuka kwa anzawo, n'kusanduka maselo a magazi. Amaunjikana m'timagulu tomatirira kukhoma ngati mazira a nsomba. Florence Sabin wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anali ataona kale zonga zimenezi mu miluza ya nkhuku cha m'ma 1920, koma umboni wooneka ndi maso unabwera mu 2010, pamene magulu atatu anajambula kanema wa kusandukaku kukuchitika. Awiri anajambula mu kansomba ka zebrafish, kamene thupi lake limaonekera m'kati. Lachitatu, la Catherine Robin ku Rotterdam, linajambula mu tizidutswa ta aorta ya mbewa.

Kusandukaku kumalamulidwa ndi jini yotchedwa Runx1. Mu 1996 anapeza kuti mluza wopanda jini imeneyi umapanga magazi oyamba a m'kathumba, koma gulu lachiwiri ndi maselo a mbewu sizioneka. Chiwindi chimakhala chopanda ana a magazi, ndipo mluza umafa cha pa tsiku 12.5. Mu 2009 zinadziwika kuti jiniyi imafunika kwambiri pa nthawi yeniyeni yosandukayo. Selo likawoloka, limatha kukhala ndi moyo popanda iyo, ngakhale kuti zina mwa ntchito zake zimasokonekera. Mwa anthu, Runx1 ndi imodzi mwa ma jini amene amapezeka atawonongeka kawirikawiri pa khansa ya m'magazi.

Chaka chomwecho cha 2009 magulu awiri a ku Boston anaonetsa kuti kuyenda kwa magazi nakonso kumathandiza. Magazi akamakhula khoma la mtsempha, maselo a pakhomapo amamva, ndipo Runx1 imawonjezera mphamvu. Ndiye kuti magazi a changu aja amagwira ntchito ziwiri: amanyamula mpweya, ndipo pothamanga m'mitsempha amathandiza kudzutsa amene adzawalowe m'malo.

Pa nthawiyi mluza ndi wotalika ngati njere ya mpunga, mwinanso kucheperapo. M'timagulu ta mu aorta mumakhala maselo mahandiredi angapo. Koma a ku Edinburgh atawerenga mu 2002 pogwiritsa ntchito muyezo woika mu mbewa yaikulu, anapeza kuti pa tsiku 11 kachigawo konse ka AGM kali ndi selo la mbewu pafupifupi limodzi lokha. Mu 2017 gulu la Shannon McKinney-Freeman ku Memphis linapaka maselo mitundu yosiyanasiyana, osawachotsa m'thupi, ndipo linawerengera kuti magazi a mbewa yaikulu amachokera ku makolo mahandiredi angapo. Ziwerengero ziwirizi zimayankha mafunso osiyana. China chikufunsa kuti ndi angati amene akhwima kale moti angapirire kusamutsidwira m'thupi la mbewa yaikulu. Chinacho chikufunsa kuti ndi angati amene adzakhwime akasiyidwa pamalo pawo.

Pofika tsiku 12 aorta imasiya ntchitoyi, ndipo siidzaichitanso. Pafupifupi mbewu yonse imene mbewa idzadalire moyo wake wonse imachokera ku masiku awiri kapena atatu amenewa.

Chiwindi, nazale ya magazi

Amene analimapo fodya amadziwa kuti mbewu sifesedwa m'munda mwachindunji. Imayamba yakulira pa nazale, kenako n'kuwokeredwa. Chiwindi cha mluza chimagwira ntchito ya nazale.

Chimayamba kuphuka kuchokera ku matumbo cha pa tsiku 9. Pachokha sichibala selo la magazi ngakhale limodzi, onse ndi obwera. Oyamba kufika, kuyambira cha pa tsiku 10, ndi a gulu lachiwiri la m'kathumba. Maselo a mbewu amatsatira pa tsiku 11 ndi 12. Kuti akhazikike amafunika zogwirira pakhungu lawo: maselo opanda puloteni yotchedwa beta-1 integrin amangozungulira m'magazi osatha kulowa m'chiwindi. Pofika tsiku 14.5, maselo ambiri a m'chiwindi amakhala a magazi osati a chiwindi chenicheni. Ntchito zambiri zimene chiwindi chimagwira mwa wamkulu zimakhala zikugwiridwa ndi thupi la mayi kudzera mu nsengwa, choncho malo alipo.

M'kati mwake maselo ofiira amakhwima atazungulira selo limodzi lalikulu lotchedwa macrophage, limene ntchito yake ndi kumeza zinyalala ndi tizilombo. Selo lofiira likalavula phata lake, macrophage imalimeza. Timadzi tolamula kuti maselo ofiira apangidwe, erythropoietin, timene mwa wamkulu timachokera ku impso, pa nthawiyi timapangidwa makamaka m'chiwindi momwemo.

Pali njira imodzi yosavuta yoonera mmene magulu a magazi amapatsirana ntchito: kuyang'ana tsiku limene mluza umafa jini ina ikachotsedwa. Wopanda jini ya Scl supanga magazi alionse, kathumba kake kamakhala kotuwa, ndipo umafa cha pa tsiku 9.5. Wopanda Gata1 umapanga maselo ofiira oyamba koma sakhwima, ndipo umafa pakati pa tsiku 10.5 ndi 11.5. Wopanda cholandirira erythropoietin umafika cha pa tsiku 13. Wopanda c-Myb umaoneka wabwinobwino mpaka cha pa tsiku 13, kenako umafa cha pa tsiku 15 chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Umenewu magazi ake a m'kathumba anali bwino, koma atayamba kutha, chiwindi chinalibe chowalowetsa m'malo.

Za kuchulukana kwa mbewu m'chiwindi, chiwerengero chimene chakhala chikutchulidwa kwambiri ndi cha Hideo Ema ndi Hiromitsu Nakauchi a ku Japan, amene mu 2000 anapeza kuti pakati pa tsiku 12 ndi 16 maselo a mbewu amawonjezeka ka 38. Kafukufuku wa mu 2022, wolondola maselo osawasuntha, anapeza kuti amene amadzagwiradi ntchito moyo wonse sachulukana kwambiri chotero m'chiwindi, ndiponso kuti magazi ambiri a mluza amapangidwa ndi maselo ena amene amabadwira m'mitsempha pa nthawi yofanana koma sadutsa pa mbewu. Ngati zili choncho, ndiye kuti mluza umaisunga mbewu yake osaidya, kudikira moyo wa kunja. Nkhani imeneyi ikufufuzidwabe.

Thymus ndi kapamba

Amene amadziwa za HIV amadziwanso mawu oti CD4. Maselo a CD4 ndi mtundu wa maselo oyera otchedwa T, ndipo T ameneyu akuimira thymus, kachiwalo kokhala m'chifuwa, kuseri kwa fupa lapakati, pamwamba pa mtima. Mpaka mu 1961 ntchito yake sinkadziwika. Chaka chimenecho Jacques Miller, ali ku London, anachotsa kachiwaloka mwa mbewa zongobadwa kumene n'kuona kuti chitetezo chawo chagwa.

Mwa mluza wa mbewa, thymus imayamba ngati timatumba tiwiri ta m'khosi cha pa tsiku 10.5, kenako timatsetserekera m'chifuwa. Cha pa tsiku 11.5 maselo oyamba a magazi amafika. Mitsempha imakhala isanalowemo, choncho amadutsa m'minofu, akutsata timadzi timene thymus imatulutsa. Thymus sisunga mbewu. Ili ngati sukulu: ana amabwera, amaphunzitsidwa kusiyanitsa mdani ndi thupi la mwini, olephera amaphedwa, opambana amatuluka, ndipo payenera kumabwera ena. Ena mwa oyamba kutuluka amakakhala pakhungu la mbewa moyo wonse, ndipo mtundu umenewo supangidwanso mbewa ikabadwa. Mu 1962 ku Glasgow kunabadwa mbewa yopanda ubweya, imene pambuyo pake inapezeka kuti ilibenso thymus yogwira ntchito. Vuto lake lili mu jini ya Foxn1, imene imamanga makoma a sukuluyi. Ana a magazi ali bwinobwino, koma alibe kophunzirira.

Kapamba amene tikunena pano ndi uja wa kumanzere pansi pa nthiti, amene amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Amayamba kuumbika pafupi ndi chifu cha pa tsiku 11, ndipo maselo a mbewu amafikamo cha pa tsiku 15. Mu 1994 anapeza kuti mbewa yopanda jini ya Hox11 imabadwa ndi ziwalo zina zonse koma yopanda kapamba. Mwa mbewa kapamba amapitiriza kupanga magazi ngakhale itakula, makamaka ikataya magazi ambiri. Mwa munthu sizitero kawirikawiri, koma mafupa akalephera chifukwa cha matenda ena, kapamba ndi chiwindi zimatha kuyambanso kupanga magazi.

Kusamukira m'mafupa

Mafupa ndi amene amabwera pomaliza. Poyamba amakhala ofewa ngati khutu, opanda mphako. Cha pa tsiku 15 mitsempha imaboola n'kulowa m'mafupa aataliatali, pakati pamakumbika, ndipo maselo omanga pokhala amayala malo. Maselo a mbewu amayamba kupezekamo cha pa tsiku 17.5, kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti mbewa ibadwe.

Chimene chimawaitana ndi puloteni yotchedwa CXCL12, imene maselo a m'mafupa amatulutsa. Mu 1996 Takashi Nagasawa ndi anzake ku Japan anaonetsa kuti mluza wopanda puloteniyi umapanga magazi ambiri m'chiwindi, koma m'mafupa mumakhala mopanda kanthu. Madokotala amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi mobwerera m'mbuyo: mankhwala a plerixafor amatseka cholandirira cha kuitanako, maselo a mbewu n'kutuluka m'mafupa kulowa m'magazi, kumene amatha kutengedwa kuti akaikidwenso mwa wodwala akamaliza mankhwala amphamvu a khansa.

Akafika m'mafupa sasintha khalidwe nthawi yomweyo. Gulu la Connie Eaves ku Vancouver linapeza mu 2006 kuti maselo a mbewu amapitiriza kugawikana mwachangu mpaka mbewa itakwanitsa masabata atatu, kenako pofika sabata yachinayi ambiri amagona. Ogona kwambiri amagawikana kamodzi pa miyezi pafupifupi isanu, ndiye kuti kasanu kokha pa moyo wonse wa mbewa. Kugonaku kumawateteza, chifukwa kugawikana kulikonse kumabweretsa mpata woti malangizo a chibadwa akopedwe molakwika.

Otsalira a m'kathumba

Tinati magazi a m'kathumba ndi ongodutsira nyengo. Si onse. Mu 2010 Florent Ginhoux ndi Miriam Merad ku New York anaonetsa kuti microglia, maselo oyeretsa ndi kulondera ubongo, amachokera ku ma macrophage a m'kathumba amene amalowa mu ubongo cha pa tsiku 9.5. Akalowa amadzichulukitsa okha komweko mpaka imfa, osadalira mafupa. Mu 2015 zinaonekanso kuti ambiri mwa ma macrophage okhazikika m'chiwindi ndi m'mapapo amachokera ku mluza. Mu ubongo wa mbewa yokalamba muli mbadwa za maselo amene analipo aorta isanabale mbewu yoyamba.

Zikutikhudza bwanji anthufe

Ndondomeko ya malo mwa munthu ndi yofanana, koma nthawi yake ndi yotalika. Magazi oyamba amaoneka m'kathumba m'sabata yachitatu mayi atatenga pathupi. Timagulu ta mu aorta timaoneka m'sabata yachisanu, chiwindi chimatenga ntchito cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi, ndipo mafupa amayamba cha pa sabata 11, nthawi yaitali mwana asanabadwe. Pamenepa tasiyana ndi mbewa, imene imasamukira m'mafupa itatsala pang'ono kubadwa.

Kusiyana kwina kukukhudza matenda a sickle cell, amene ndi ofala m'mayiko athu ano. Mbewa imachoka pa himogulobini wa mluza n'kupita pa wa wamkulu. Munthu ali ndi wina wapakati, himogulobini wa khanda la m'mimba, amene amachepa kwambiri mwana akabadwa. Vuto la sickle cell lili mu himogulobini wa wamkulu, n'chifukwa chake mwana wobadwa nalo amaoneka wabwinobwino miyezi yoyamba, zizindikiro n'kuyamba cha pa miyezi isanu ndi umodzi. Jini imene imatseka himogulobini wa khanda ndi BCL11A. Chithandizo cha Casgevy, chimene Britain inavomereza mu November 2023 ndi America mu December chaka chomwecho, chimafooketsa jini imeneyi m'maselo a mbewu a wodwala kuti himogulobini wa khanda abwerere. Mu 2023 mtengo wake ku America unali woposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndipo chimafuna chipatala chotha kusamutsa maselo a m'mafupa.

Khansa ina ya m'magazi ya ana nayo imayambira m'mimba. Mel Greaves wa ku London ndi anzake anayeza madontho a magazi amene anatengedwa ana atangobadwa n'kusungidwa, ndipo anapezamo zolakwika zoyamba za khansa imene inadzaonekera patapita zaka. Makanda ena obadwa ndi Down syndrome amakhala ndi vuto la magazi lofanana ndi khansa, lochokera ku maselo a m'chiwindi amene jini yawo ya GATA1 yawonongeka, ndipo mwa ambiri limatha lokha m'miyezi yoyamba, nthawi imene chiwindi chimasiya kupanga magazi. Ndipo popeza mwana akamabadwa maselo a mbewu amakhala akuyendabe m'magazi, magazi otsala mu nsengwa ndi mu chingwe cha mchombo ali ndi mbewu yokwanira kuchiza munthu. Woyamba kulandira anali mnyamata wodwala Fanconi anaemia, matenda a chibadwa amene amalepheretsa mafupa kupanga magazi, mu 1988 ku Paris, m'manja mwa Eliane Gluckman.

Tibwerere ku Melbourne. Asayansi amatha kutenga selo la pakhungu kapena la m'magazi a munthu wamkulu n'kulibwezera ku umwana, kuti lithe kusanduka selo la mtundu uliwonse. Selo lotere likauzidwa kuti lipange magazi mu mbale, limakonda kutsata njira ya m'kathumba. Mbale imafiira, maselo oyera amaoneka, koma akaikidwa mu mbewa sakhalitsa, chifukwa ndi magazi a changu aja. Elizabeth Ng, Andrew Elefanty, Ed Stanley ndi anzawo anatsogolera maselowo kuti ayambe akhala khoma la mtsempha longa la aorta, powapatsa zizindikiro zimene kachigawo ka AGM kamalandira, kuphatikizapo mankhwala a m'gulu la vitamini A pa nthawi yake, kenako n'kuwasiya kuti atukumuke okha. Maselo amene anatuluka anayesedwa mu mbewa zopanda chitetezo cha m'thupi, zimene sizikana maselo a munthu, ndipo mwa zina anakhazikika m'mafupa n'kubala maselo ofiira ndi oyera a mitundu yosiyanasiyana. Gululi linanena kuti chotsatira ndi kuyesa ngati maselowa ndi osaopsa mwa anthu, makamaka ana odwala khansa ya m'magazi amene asowa wowapatsa maselo ogwirizana ndi thupi lawo.